Makina Ophunzira ndi Kope la pa Doko: Mbiri ya Kosi Imene Mukundifunsa

Positi ya lero ndi yaitali, ndiye amene muli pa ntchito isungeni, muwerenge madzulo maukonde akauma.

Chitulukireni zotsatira za MSCE, mafunso amene akundipeza ndi amodzimodzi. Achimwene, kodi machine learning yomwe yatchuka ku Lilongweyo ndi chiyani? Kodi mwana wa msodzi angaikwanitse? Si za ana a ku Area 10 ndi Area 43 okha, amene anabadwa laputopu ili kale pa tebulo? Ndaganiza zokuyankhani nonse pamodzi, ndipo ndiyankha ndi mbiri, chifukwa chinthu ukadziwa kumene chinachokera chimasiya kuopsa. Mfundo yanga ndi imodzi basi: makina saphunzira chimene munthu sanalembe. Wogwira kope ndi cholembera ndiye mphunzitsi wa makina. Ndipo za nyanja yathu, kwa zaka pafupifupi 100, akhala akulemba ndi ena.

*Chinthucho n'chiyani*

Pulogalamu wamba ya kompyuta ili ngati kalaliki wa pa sikelo. Umamuuza lamulo, iye n'kutsata: ndowa imodzi ya usipa ndi ndalama zakuti, ndowa zisanu chulukitsa kasanu, watha. Machine learning ndi ina. Lamulolo sukulidziwa, kapena ndi lovuta kulinena ndi pakamwa, ndiye umaipatsa kompyuta zitsanzo zambirimbiri zokhala ndi mayankho ake, iyo n'kudzipezera lamulo.

Taganizani za siginala. Palibe anamulembera pa bolodi kuti mwezi ukakhala mwakuti, mwera utaleka masiku awiri, madzi akuoneka chonchi, pita pakuti ukayatse nyali. Iye waona mausiku mazanamazana. Ena anabwera ndi boti lodzaza, ena anangowotcha mafuta. Zitsanzo zimenezo zaumbika m'mutu mwake n'kukhala nzeru imene mwini wake sangaifotokoze bwinobwino, koma chilimira chikatsika pamene waloza, usipa umapezeka. Kosi yoyamba ya machine learning ku yunivesite imaphunzitsa kuchita zomwezi ndi masamu.

Kawirikawiri imayenda semesita imodzi, ndipo ntchito zake zikuluzikulu ndi zitatu. Yoyamba amaitcha regression, kulosera nambala: mawa tigwira ndowa zingati? Yachiwiri ndi classification, kusiyanitsa mitundu: nsomba iyi ndi chambo kapena makumba? Yachitatu ndi clustering, kuunjika zofanana popanda wokuuza mayina, ngati mmene amayi amasankhira nsomba pa thandala, izi uku, izo uko. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo limodzi lomwe mphunzitsi amalibwereza mpaka kutopetsa: osayesa makina ndi mafunso amene awaona kale. Zitsanzo zina uzibise, udzawayesere pomaliza.

*Sabata yoyamba ili ndi zaka zoposa 200*

Zimene amaphunzitsa sabata yoyamba si za dzulo. Mu 1805, katswiri wa masamu wa ku France, Adrien-Marie Legendre, anasindikiza njira yojambulira mzere pakati pa timadontho tobalalika pa pepala. Iye ankafuna kudziwa njira za nyenyezi za mchira. Uyeze mtunda wa kadontho kalikonse kuchoka pa mzere, nambalayo uichulukitse ndi iyo yomwe, uphatikize zonse, kenako usankhe mzere umene ukupereka chiwerengero chochepetsetsa. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anali atalosera kale mu 1801 pamene kadziko kakang'ono kotchedwa Ceres kadzaonekerenso katasowa kuseri kwa dzuwa, ndipo anthu atayang'ana anakapezadi pomwepo. Mzere umenewu ndi y = mx + c yomwe ija munkaijomba masana a Lachisanu. Eya, yomweyo.

Za kusiyanitsa mitundu nazo ndi zakale. Mu 1936, Ronald Fisher wa ku England anatenga miyeso ya maluwa 150 otchedwa iris, mitundu itatu, duwa lililonse miyeso inayi, n'kusonyeza kuti masamu angathe kunena mtundu wa duwa pongoona manambala. Mpaka lero wophunzira watsopano aliyense, kaya ali ku London kaya ali ku Zomba, amakumana ndi maluwa 150 amenewa.

Koma tamverani izi. Chaka chimodzi Fisher asanalembe za maluwa ake, mu 1935, mayi wina wa ku British Museum ku London, Ethelwynn Trewavas, anasindikiza ntchito yaikulu yosiyanitsa nsomba za m'nyanja yathu. Anali ndi nsomba zoviikidwa m'mabotolo. Ankawerenga mamba, minga ya pamsana ndi mano, n'kumayeza mutu ndi maso, kuti adziwe kuti iyi ndi iyi ndi mtundu umodzi kapena ayi. Classification yeniyeni, ya pamanja. Mu 1939 anabwera yekha kunyanja kuno pa kafukufuku wa usodzi pamodzi ndi Bertram ndi Borley. Kuyambira 1945 mpaka 1947, mayi winanso, Rosemary Lowe, anakhala m'mbali mwa nyanja akuyeza chambo, kusiyanitsa mitundu yake ndi nyengo imene chimaswana. Maganizo otseka nyanja nthawi yoswana chambo, mizu yake ina ili m'makope a nthawi imeneyo.

Mawu ngati mbuna ndi utaka lero ali m'mabuku a sayansi padziko lonse. Anachokera pakamwa pa asodzi. Pali mbuna ina yomwe inapatsidwa dzina la Trewavas, ndipo mayiyo anayeneradi ulemu umenewo. Koma agogo amene anapalasa bwato, kuloza chirundu ndi kutchula dzina la nsomba, mayina awo sali pachikuto. Nzeru inali ya anthu awiri, kope linali la mmodzi. Sungani mfundo imeneyi, tiifunanso kutsogoloku.

*Makina ayamba kusewera dirafuti*

Dzina loti machine learning linatchuka mu 1959 ndi Arthur Samuel wa kampani ya IBM ku America. Iye analemba pulogalamu yosewera dirafuti, yomweyi timasewera ndi zitsekerero za mabotolo pansi pa mtengo wa mango. Pulogalamuyo inkasewera yokha ndi yokha kambirimbiri, n'kumasunga zimene zapambanitsa ndi zimene zaluzitsa, mpaka inayamba kumugonjetsa mwini wake. Chaka cha 1958, Frank Rosenblatt anali atalengeza perceptron, kamakina kotsanzira kaselo kamodzi ka ubongo: kamalandira manambala, kuwapatsa kulemera kosiyanasiyana, n'kuyankha kuti inde kapena ayi. Kakalakwa, kulemerako kamakusintha pang'ono.

Anthu anasangalala mopitirira. Kenako mu 1969 Marvin Minsky ndi Seymour Papert anasonyeza ndi masamu kuti perceptron imodzi pali mafunso ena ophweka omwe siingawathe, ndipo chidwi ndi ndalama zinayamba kuthawa. Ntchitoyi inalowa nyengo ya mwera, mabwato onse pamtunda. Mu 1986 David Rumelhart, Geoffrey Hinton ndi Ronald Williams anafalitsa njira yophunzitsira timaselo tambiri tosanjikizana, pobweza cholakwa kuchokera ku yankho kupita m'mbuyo kuti kaselo kalikonse kadziwe mbali yake ya mlandu. Njirayo inalipo, koma zitsanzo zinali zochepa ndipo makompyuta anali ofooka.

Chimene chinasintha zinthu si masamu atsopano okha ayi. Mayi wina, Fei-Fei Li, ndi anzake anasonkhanitsa zithunzi mamiliyoni mu nkhokwe yotchedwa ImageNet, ndipo anthu zikwizikwi olipidwa pang'onopang'ono pa intaneti anakhala pansi kulemba kuti ichi ndi galu, ichi ndi njinga, ichi ndi nsomba. Mu 2012 ophunzira awiri a Hinton ku Toronto, Alex Krizhevsky ndi Ilya Sutskever, anaphunzitsa makina ndi zithunzi pafupifupi 1.2 miliyoni za mitundu 1,000. Pa mpikisano makina awo analakwa zithunzi pafupifupi 15 pa 100 zilizonse, pamene wachiwiri analakwa 26. Kuchokera pamenepo mpaka ChatGPT ya November 2022 ndi msewu umodzi. Hinton analandira mphoto ya Nobel mu 2024. Olemba mayina pa zithunzi aja, ngati agogo athu a pa bwato, palibe amawatchula.

*Kosi ituluka m'kalasi*

Kwa zaka zambiri phunziroli linali la anthu ochepa m'mayunivesite olemera. Carnegie Mellon ku America inakhazikitsa dipatimenti yakeyake ya machine learning mu 2006. Koma chaka chimene chikutikhudza ife ndi 2011, pamene mphunzitsi wa ku Stanford, Andrew Ng, anaika kosi yake yoyambira pa intaneti mwaulere. Anthu oposa 100,000 analembetsa. Mu 2012 iye ndi Daphne Koller anayambitsa Coursera. Kuyambira pamenepo chitseko cha kalasi imeneyi chinasanduka bandulo.

Ine ndinaiphunzira choncho, madzulo ndikaweruka pa kashopu kokonza mafoni ku Old Town, chakufupi ndi Malangalanga. Mavidiyo ndinkakakopera kwa mnzanga wina amene amalondera nyumba ku Area 12, abwana ake atamuloleza WiFi. Kukwera minibasi, kutsika, kuyenda pansi m'misewu ya mitengo ija yopanda wogulitsa ngakhale chimanga chootcha, kukhala pa geti ola limodzi, kubwerera ndi maphunziro a sabata yonse m'thumba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Chitsanzo choyamba cha Ng ndi nyumba 47 za mu mzinda wa Portland ku America: kukula kwa nyumba mbali iyi, mtengo wake mbali iyo, jambula mzere. Tsopano tayesani zomwezo ndi Lilongwe. Nyumba ya zipinda zitatu ku Area 10 ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Kawale kapena ku Area 25, lendi yake ingafanane? Olo pang'ono. Mzere wa kukula kwa nyumba wokha ukugwa chagada. Ukangowonjezera nambala ya Area, makina ayamba kulondola. Ndiye funso n'lakuti, makinawo aphunzira chiyani kwenikweni? Aphunzira mbiri ya mzinda uno.

*Lilongwe, mzinda wa makope*

Lilongwe inayamba ngati kaboma kakang'ono ka atsamunda m'mbali mwa mtsinje, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ntchito yaikulu ya boma nthawi imeneyo inali kulemba: mudzi wakuti uli ndi nyumba zingati, ndani wakhoma msonkho, ndani wathawa. Deta yoyamba ya ambiri mwa makolo athu inali dzina m'buku la msonkho. Kenako kunabwera masitolo a amwenye ndi fodya, n'kukhala Old Town yomwe tikuidziwayi.

Dr Kamuzu Banda ataganiza zochotsa likulu ku Zomba, mu 1968 kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation, ndipo ngongole yoyambira inachokera ku South Africa ya nthawi ya tsankho. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Mapulani anagawa mzinda m'ma Area okhala ndi manambala. Capital Hill ndi City Centre anaziika kumpoto, kutali ndi fumbi la msika, pakati n'kusiyapo nkhalango ya Lingadzi. Ma Area a mapuloti akuluakulu ngati 10, 11 ndi 12 anakhala pafupi ndi maofesi. Anthu wamba anawaika kutali, kokwera basi. Lero wophunzira akaika nambala ya Area mu kompyuta, akuika chisankho chimene anthu ena anapanga pa tebulo zaka zoposa 50 zapitazo. Makina sadziwa zimenezo. Amangoona kuti 10 ndi yodula, 25 ndi yotchipa, n'kumabwereza ngati kuti ndi mmene Mulungu analengera. Phunziro ili ndi lalikulu kuposa ma formula onse: deta imanyamula mbiri, yabwino ndi yoipa yomwe.

Makope a pepala anayamba kulowa m'kompyuta pang'onopang'ono. Imelo inayamba kuyenda ku Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pansi pa Dr Paulos Nyirenda, ndipo intaneti yogulitsa inafika mu 1997 ndi MalawiNet. Koma nkhani imene ine imandisangalatsa inachitika konkuno. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha Lilongwe chomwe timachitcha KCH, Gerry Douglas ndi gulu la Baobab Health anaika makompyuta ongodina ndi chala pagalasi, zaka zingapo foni zotere zisanafike m'matumba mwathu. Anatenga timakina totchipa tomwe tinakanika malonda ku America n'kutikonza kuti kalaliki azilembera odwala. Kapepala ka mizeremizere komatidwa pa buku la kuchipatala kaja kanayambira kumeneko. Pambuyo pake njirayi inafalikira ku zipatala za ma ARV m'dziko muno, ndipo mapulogalamu ake ambiri analemba ndi Amalawi. Sinali machine learning, koma ndiyo maziko ake: kulemba molondola, tsiku ndi tsiku, munthu mmodzimmodzi.

Kenako zinthu zinathamanga. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo kugula ndi kugulitsa kwathu kunayamba kusiya mapazi. Rachel Sibande anayambitsa mHub konkuno ku Lilongwe, malo oyamba otere m'Malawi, kumene achinyamata, makamaka atsikana, amaphunzira kulemba mapulogalamu. Mu 2017 National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, inalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, zala ndi nkhope zomwe. Nonse munaima pa mzere umenewo kapena makolo anu anaima. Chaka chomwecho boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu January 2020 African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe kuti achinyamata aziphunzira kuulutsa ma drone ndi kuwerenga zithunzi zake. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu 17.5 miliyoni, anachitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala. Mu October 2023 yunivesite ya MUST ku Thyolo inatsegula likulu la maphunziro a AI. Ku Africa konse, msonkhano wa Deep Learning Indaba unayamba mu 2017 ku Johannesburg, ndipo mwana wake, IndabaX, amachitika m'Malawi muno.

Ndiye musamve ngati kosiyi yagwa kumwamba. Yafika pa msewu umene unalambulidwa ndi buku la msonkho, buku la kuchipatala, chitupa cha unzika ndi foni yanu.

*Nanga Chichewa, nanga nyanja?*

Google Translate inaika Chichewa mu December 2014. Makina otere amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zimene zilipo pa intaneti, ndipo Chichewa chambiri chomwe chilipo ndi cha tchalitchi, cha nyuzi ndi cha mabungwe. N'chifukwa chake Dr Amelia Taylor wa ku MUBAS ndi anzake anasonkhanitsa nkhani za m'nyuzi za Chichewa n'kuzilemba mitu yake, iyi ndi ya ndale, iyi ya ulimi, iyi ya chipembedzo, ndipo mu 2021 panachitika mpikisano pa Zindi woti anthu aphunzitse makina kuzisiyanitsa. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a alimi m'Chichewa. Mayankho ake imatenga m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Mwamva? Buku linalipo kale. Alangizi analemba kwa zaka zambiri, makina n'kubwera kudzawerenga.

Tsono msodzi akafunsa za vuma ndi mpoto, za mmene nkhungu zikadzuka nsomba zimachitira, za chirundu chimene utaka umakonda mwezi wakuti, makina akatenga kuti yankho? Tayesani nokha kulemba mawu a pa doko mu pulogalamu iliyonse yomasulira, muone chimene chituluke.

Si kuti za nyanja sizilembedwa. Dipatimenti ya Zausodzi, yomwe likulu lake lili konkuno ku Lilongwe, ili ndi akalaliki m'madoko, ofufuza ku Monkey Bay ndi sukulu ku Mpwepwe. Amawerenga mabwato ndi maukonde, amayeza zogwidwa pa masiku osankhidwa. Ntchito yabwino. Koma kalaliki mmodzi sangakhale pa doko lililonse m'bandakucha uliwonse, ndipo zimene zili m'mutu mwa siginala sizilowa m'fomu. Pitani ku msika wa nsomba ku Old Town. Amayi ogulitsa usipa wouma amadziwa mtengo wa ku Senga Bay, wa ku Nkhotakota ndi wa ku Mangochi sabata iliyonse, amadziwa mwezi umene mtengo udzakwere. Deta yonseyo ili m'mitu ndi m'mafoni a mabatani. Makilomita ochepa kumpoto, ku City Centre, anthu ali m'misonkhano ya m'mahotela kukambirana za tsogolo la nyanja ndi manambala amene ali nawo. Pakati pa malo awiriwa pali mtsinje, nkhalango ndi kope losalembedwa.

Chifukwa chiyani zikutikhudza? Ndipereka zitatu.

Choyamba, ngongole. Ku Kenya, kuyambira ndi M-Shwari mu 2012, ngongole za pa foni zimaperekedwa potengera mmene munthu wakhala akugwiritsira ntchito foni ndi ndalama zake. Njira imeneyi ikufalikira paliponse. Makina amene aphunzira pa anthu a malipiro a pamwezi a ku Capital Hill akaona akaunti ya msodzi, yodzaza mwezi wamdima, youma mwezi ukawala, yogona nyengo ya mwera ndi nyanja ikatsekedwa, adzati munthuyu ndi wosadalirika. Sadzadziwa kuti akuona kayendedwe ka mwezi ndi mphepo, osati ulesi. Pokhapokha pakhale munthu pa tebulo lopangira makinawo amene anagonapo pa mchenga.

Chachiwiri, nyanja imasintha. Mu kosi muja muli tchimo lotchedwa overfitting. Ndi mwana woloweza mapepala akale a MANEB mpaka kudziwa kuti funso lachitatu yankho lake ndi B, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono, zake zada. Makina nawo amaloweza. Ndipo ngakhale asaloweze, dzulo silikhala mawa nthawi zonse. M'zaka za m'ma 1980 nyanja ya Malombe inali ndi chambo chambiri. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitagwa, kambuzi n'kutenga malo, mpaka mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, ma BVC aja. Makina ophunzitsidwa ndi manambala a zaka zabwino akanapitiriza kulonjeza chambo chomwe kulibe. Mu 2024 tonse tinaona nyanja ikudzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Kope likaleka kulembedwa, makina amakalamba osadziwa.

Chachitatu, malamulo. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa cha mu December n'kutsegulidwa cha mu April, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950 ndi mafumu, osati ndi ofesi. Akuluakulu anaona zitsanzo za zaka zambiri n'kupeza lamulo. Mawu a akulu akoma akagonera: lero ofufuza akunja amabwera kudzaphunzira ku Mbenji. Mawa zisankho za nthawi yotseka nyanja, maukonde ololedwa ndi malo oletsedwa zidzadalira kwambiri manambala ndi makina. Ngati manambalawo alibe nzeru ya Mbenji, lamulo lidzabwera lachilendo, ndipo wolandidwa ukonde adzakhala bambo ako.

*Ndiye titani*

Masamu musawathawe. Ma graph, probability, statistics ndi ma matrix ndiwo nkhafi za kosi imeneyi. Amene mukubwereza Fomu 4, bwerezani ndi cholinga. Amene mwasankhidwa ku UNIMA, MUBAS, MUST, Mzuni kapena LUANAR, kaya mukuchita za kompyuta, za masamu kapena za nsomba, mukaona kosi ya statistics kapena ya machine learning pa ndandanda musaizembe. Amene simunasankhidwe, kalasi ili pa intaneti, ndipo chinenero cha Python chomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi chaulere. Chingerezi chake n'cholimba masabata oyamba, kenako chimafewa. Pezanani atatu kapena anayi, mmodzi akopere, nonse muonere. Mutu umodzi susenza denga.

Achemwali, tawerengani mayina amene ndatchula: Trewavas, Lowe, Fei-Fei Li, Koller, Sibande, Taylor. Wina asakunamizeni kuti malo anu ndi pa thandala pokha.

Koma chachikulu, chomwe aliyense angayambe mawa popanda laputopu, ndi kope. Kope wamba la sukulu. Jambulani mizere: tsiku, mwezi wowala kapena wamdima, mphepo yanji, malo amene boti linapita, maola angati, mafuta malita angati, nsomba yanji, ndowa zingati, mtengo pa doko. Tsiku limene boti labwera lopanda kanthu mulembenso, chifukwa makina osaona usiku woipa amakhala onama ngati msodzi wa pa mowa. Musadumphe masiku, musakongoletse manambala. Pakatha chaka, boti limodzi likhala ndi mizere yoposa maluwa 150 a Fisher, yoposa kutalitali nyumba 47 za Ng. Madoko khumi akachita zomwezo kwa zaka zisanu, muli ndi chuma chomwe ofesi iliyonse ya ku City Centre ingachifune.

Ndipo poti ndi chuma, chisamaleni. Mupemphe kaye kwa eni boti, kwa a BVC ndi kwa amfumu. Chirundu cha munthu ndi chinsinsi cha banja lake, si chomwaza pa gulu la WhatsApp. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta la 2024, koma limenelo limayang'ana za munthu, dzina lake, nambala yake, chala chake. Nzeru ya doko lonse muiteteze nokha pogwirizana. Wina akabwera ndi galimoto yoyera kudzapempha kope, mumufunse mwaulemu kuti akukachita nalo chiyani, zotsatira zidzabwerera liti, ndipo pachikuto padzalembedwa mayina a ndani. Safunsa anadya phula.

Jambulaninso mawu a agogo pa foni akamafotokoza za mphepo ndi nyenyezi, iwo atavomera, kenako muwalembe m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitonga chomwecho mmene anayankhulira. Makina a mawa adzayankhula chinenero chimene anachipeza cholembedwa.

Tumizani positiyi kwa ang'ono anu amene ali ku sekondale, ndi kwa aphunzitsi a masamu a kwanuko. Amene mwayamba kope, mundiuze doko lake kuti tigwirizane mizere yofanana, manambala a Chipoka azitha kuyankhulana ndi a Msaka. Sabata ya mawa ndidzalemba mmene mungajambulire mzere wa Legendre pa pepala la graph ndi manambala a mwezi umodzi, popanda kompyuta.

Moni kwa akuluakulu onse pa doko. Mwera ukawomba, musakakamire.

Wanu,
Mwana wa msodzi, Lilongwe